Tochi ya Ababa pa Bwinja

Droni ndinaigula chifukwa cha maukwati. Pa boma pano pa Mchinji akwati a masiku ano sakhutira ndi chithunzi cha pakhomo la tchalitchi, amafuna aoneke kuchokera kumwamba, iwo ali pakati, operekeza atawazungulira. Ndinaipeza ku Lilongwe yogwirapo kale ntchito, mwendo umodzi womata ndi guluu, ndipo ndinaiphunzira ndekha pa bwalo la mpira, uku ndikuikoletsa m'mitengo ya malaina. Zojambula kutada sindinkaziganizira n'komwe. Ukwati umatha dzuwa likadalipo, ndipo pofika nthawi imeneyo ine ndimakhala ndikungofuna kuvula nsapato.

Chimene chinandiphunzitsa kujambula mumdima ndi nkhani ya ababa.

Ababa anali mkamwini. Kwawo kwenikweni ndi kutsidya kwa malire, ku Zambia, koma anabwera ali mnyamata kudzakwatira amayi m'mudzi mwathu cha ku Mkanda, n'kukhala pachikamwini moyo wawo wonse. Amayi atamwalira, achibale anawasudzula monga mwa mwambo, kuwauza kuti ndi omasuka kubwerera kwawo. Sanapite. Akanapita kwa yani? Abale awo anali atatha, ndipo njira ya kumeneko anali asanaipondenso chibadwire ine. Anangotsala m'kanyumba kawo, amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi, n'kumawaphikira.

Kenaka mutu unayamba kuwasokonekera. Ankaitana mbuzi zimene tinagulitsa kalekale. Ine nthawi zina ankandidziwa, nthawi zina ankandipatsa moni wa mlendo, manja awiri. Kuchipatala anati ndi matenda a ukalamba, mankhwala ochiza palibe, tiziwayang'anira basi. Zonsezi anthu akanazipirira. Chimene sanachipirire chinali ulendo wawo wa madzulo.

Dzuwa likangolowa, ababa ankavala chipewa, n'kutenga katochi kawo kakuda, n'kulunjika ku bwinja. Mudzi wathu unasamuka ine ndili khanda, kutsata msewu ndi mjigo, ndipo pamene unali kale pano ndi munda wa mtedza wa amalume, mlongo wawo wa amayi. M'mbali mwa mundawo muli msitu wa manda. Ndiye tangoganizani zimene anthu ankaona ali pa makonde awo: kamoto kakang'ono kakuzungulirazungulira m'munda wa mwini, pafupi ndi manda, tsiku lililonse. Ukawatsekera chitseko ankalira ngati mwana. Chaka chimenecho, mwatsoka, mtedza wa amalume unatuluka makoko okhaokha, ukaswa n'kupeza mulibe kanthu.

Amayi aang'ono anandiimbira foni. "Bwera msanga. Amalume ako akuti ababa ako azipita kwawo."

Ndinawapeza amalume pansi pa chigafa, akumanga chubu cha njinga. Ndinagwada chapatali, moni n'kudutsa.

"Anthu akuti akukoka mtedza wanga ndi mankhwala," anatero osandiyang'ana. "Ena akuti amakacheza ndi a kumanda."

"Mfiti yanji, amalume, yoyenda ndi tochi? Yokagula mabatire pa golosale masanasana?"

Pakamwa panga n'chimodzimodzi pa malemu amayi, sipadikira. Amalume anaika chubu pansi.

"Iwe umakhala pa boma. Ife timagona konkuno. Anyamata ayamba kale kunong'onezana. Ukufuna udzawapeze atawagenda? Tikangomaliza kuthyola mtedza ndiwakweza panjinga iyi, ndikawasiye kwa anthu a mtundu wawo."

Ndinakwiya, koma ndinachitanso mantha, chifukwa za kugendazo sankanama. Zoterezi timazimva. Ndinaona m'maganizo ababa atatsitsidwa panjinga m'mudzi wachilendo, chipewa m'manja, akupatsa moni anthu osawadziwa. Munthu woiwala pamene pali chimbudzi cha pakhomo pake sakanatha nyengo yozizira kumeneko.

Madzulo omwewo ndinawatsatira wapansi. Ndinene zoona, zimene ndinaona sizinandithandize. Ababa ankayenda pang'ono, n'kukhota popanda chokhotera, n'kuzungulira malo opanda kanthu, n'kuima, n'kung'ung'udza, n'kubwerera. Munda unali utakumbidwa kale, mizere yokhayokha ndi milu ya masangwe, koma iwo ankauyenda ngati muli zinthu zoti angagunde. Kumsitu kuja kunali zii. Ine mwana wawo weniweni tsitsi linandiimirira, nanga anthu wamba?

Pobwerera ku boma pa kabaza m'pamene ganizo linandifikira. Ndinali nditaonapo zithunzi za misewu ya m'mizinda, zimene nyali za galimoto zimasanduka mizere yaitali yowala. Ndinati, ngati tochi ya ababa ingasiye mzere wotere, ndiye kuti kuchokera kumwamba ndikhoza kuona ulendo wonse pamodzi, osati zidutswazidutswa monga ndinkaonera pansi. Kuti ndikaonapo chiyani sindinkadziwa. Mwina ndinkangofuna kuchitapo kanthu mtedza usanathe kuthyoledwa.

Ndinayamba kuyeserera pa msewu waukulu wopita kumalire, pa malole odutsa kachisisira. Zoyambazo zinali zochititsa manyazi. Ukaisiya kamera kuti idzisankhire yokha, imachita mantha ndi mdima, imakweza ISO mpaka chithunzi chimadzaza timadontho ngati wachiwaza mchenga. Ndinaphunzira kuilanda ufulu umenewo n'kuchuna zonse ndekha. ISO, imene imaonjezera kuwala koma n'kubweretsa mchenga uja, ndinaitsitsa pansi penipeni, pa handiredi, ndipo kukada kwambiri ndinkaikweza pang'ono pokha. Shata, kachitseko kolowetsa kuwala, ndinkaisiya yotsegula nthawi yaitali imene droni yanga imalola, masekondi eyiti. Fokasi ndinkaiika ndi dzanja pa chinthu chakutali kukadali kowala, osaikhudzanso, chifukwa mumdima imangosakasaka ngati munthu wofufuza machesi.

Mdani wamkulu ndi mphepo. Kamera ya pansi umaiika pa miyendo yake itatu, koma droni yaima pa mpweya, ndipo ikangogwedezeka shata ili yotsegula, mzere uliwonse umatuluka wonjenjemera. Ndinazindikira kuti nyengo imeneyo mphepo imagona kanthawi dzuwa likangolowa, kumwamba kukadali kobiriwira pang'ono, ndipo kuwala kotsalako kumathandiza kuti nthaka ioneke. Masekondi eyiti sangakwane ulendo wa nkhalamba, choncho ndinachuna kuti izijambula yokha chithunzi pambuyo pa chinzake, kuti ndidzazisanjikize pa laputopu zikhale chimodzi.

Pa msewu paja ndinaphunziranso chinthu china chimene sindinachisamale kwenikweni nthawi imeneyo. Pa chithunzi chotere, nyali yoyenda imasiya mzere, koma munthu woyenda saoneka. Amayi ogulitsa mbatata amene anakhala phee m'mbali mwa msewu anatuluka bwinobwino, mpaka mpango wawo. Anthu onse amene anadutsa patsogolo pawo, ena atasenza katundu, sanatuluke ngakhale mmodzi. Msewu unaoneka ngati panalibe anthu.

Tinyali tofiira ndi tobiriwira ta pa droni ndinatizimitsa. Ojambula amatizimitsa kuti tisadetse chithunzi, koma ine ndinali ndi chifukwa chachiwiri. Kanthu kothwanima kakuuluka pamwamba pa manda, pamwamba pa munthu amene akumunena kale za ufiti, kakanangomaliza mlandu wonse tsiku lomwelo. Ndinapemphanso amayi aang'ono kuti azikhala nane pa chulu cha m'mbali mwa munda, kuti pakhale munthu wamkulu wonena kuti chinthucho ndi cha maukwati.

"Chikulira ngati njuchi zosamuka," anatero itanyamuka. Anadzikulunga chitenje mpaka kumutu. "Ine izi sindikuzikonda."

Ndinaikweza mpaka kulira kwake kunatsala pang'ono kuzimirira, n'kuloza kamera pansi. Mphepo inagona. Kenaka katochi kaja kanatulukira kuchokera kumudzi, pang'onopang'ono, kakuwunika pansi. Pa sikirini ya rimoti sipankaoneka zambiri, kadontho koyera basi pa nsalu yakuda. Zala ndinazichotsa pa timitengo toyendetsera, ndikuopa ngakhale kupuma mwamphamvu. Batire la droni silikhalitsa, ndipo linayamba kulira ababa asanamalize, choncho tinabweranso madzulo otsatira, ndi enanso, mpaka amayi aang'ono anayamba kudandaula za msana.

Zithunzizo ndinazisanjikiza m'mawa wina pa khonde pawo, laputopu ili pamiyendo, iwo akusenda chinangwa. Tizidutswa ta mzere tinayamba kulumikizana. Ndinkayembekeza chinthu chosokonekera ngati ulusi umene mwana waseweretsa. Si zimene zinatuluka. Mizere inali yoongoka, yokhota pa ngodya zenizeni, ndipo ya masiku osiyana inagona pamwamba pa inzake ngati munthu akutsata njira yopalidwa. Panali mabokosi, panali timizere tozungulira, panali njira yaitali yotsikira kudambo.

"Amayi, taonani izi."

Anasuzumira monyinyirika. Kenaka mpeni unagwera m'beseni. Anapukuta chala pa chitenje n'kuchiika pa sikirini.

"Apa ndi nyumba ya amayi ako. Khomo linali uku." Chala chinasuntha. "Ichi chozungulirachi ndi nkhokwe. Iyi inanso nkhokwe, ya agogo ako. Khola la mbuzi. Apa panali bafa, ukuona akulambalala?"

Mawu awo anali atatsika. Mudzi umene unagwa ine ndisanayambe kuyenda unali pamiyendo panga, wolembedwa ndi tochi. Ababa sanadutse pakhoma ngakhale limodzi. Pamene panali khomo, mzere unkanenepa pang'ono, kusonyeza kuti ankaima kaye, kaya kuchita odi. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pa maliro a amayi, chifukwa ndinazindikira kuti madzulo onsewa ababa sankasochera. Ankapita kunyumba.

Koma panali malo amene sindinawamvetse. Pa njira yakudambo ija, mzere unkathawa njira mwadzidzidzi, n'kulowa m'mbali, n'kuduka. Pamene wadukirapo panali kadontho kofiira. Tochi ya ababa ndi yoyera, ndipo tinyali ta droni ndinali nditazimitsa. Ndinakuza malowo mpaka chithunzi chinayamba kuphwanyika.

Anali ababa. Pa chithunzi chonsecho, apa pokha m'pamene ankaoneka, chifukwa apa pokha m'pamene anakhala osasuntha. Anali atanjuta m'mbali mwa njira, atafulatira, chipewa atavula, imvi zikuoneka mbuu. Tochi anali ataiphimba ndi chikhatho, ndipo kufiira kuja kunali kuwala kodutsa m'zala zawo.

Amayi aang'ono anagwira pakamwa.

"Akuwapatukira amayi," anatero. "Apongozi awo, agogo ako. Nthawi imeneyi m'pamene amayi ankachokera kudimba."

Ife a masiku ano timadya mbale imodzi ndi apongozi, ena mpaka kujambulitsa atawakoleka mkono m'khosi, ndimazijambula ndekha zimenezi. Kale sizinali choncho. Mkamwini sankakumana maso ndi maso ndi mayi wa mkazi wake. Akawaona akubwera, ankalowa patchire, n'kunjuta chofulatira mpaka adutse. Agogo anamwalira mudzi usanasamuke, ndipo ali mu msitu womwe uja. Ine sindiwakumbukira nkhope.

Tinayang'ana njira imene inali kumbuyo kwa ababa. Inali yopanda kanthu, dothi lotuwa basi.

"Paja unati chiyani tsiku lija?" anafunsa amayi aang'ono. "Munthu akamayenda alibe tochi?"

"Saoneka."

"Ngakhale atadutsa pomwepo?"

"Ngakhale atadutsa pomwepo."

Anatola mpeni wawo, koma sanapitirize kusenda.

Pali chinanso chimene ndinachiona pambuyo pake ndili ndekha, nditalekanitsa zithunzi za tsiku ndi tsiku. Makomo, nkhokwe ndi khola zinkagwera pamalo amodzimodzi masiku onse. Kadontho kofiira kokha n'kamene kankasuntha. Tsiku limene ababa anafulumira kunyamuka, kanali kumunsi, kufupi ndi dambo. Tsiku limene anachedwa chifukwa chipewa chinasowa, kanali kumtunda, pafupi ndi nyumba, monga zimakhalira ngati amene ukukumana nayeyo wayenda kale gawo lalikulu la njira. Ndine munthu wa kutchalitchi, ndiponso ndimadziwa kuti mutu wa nkhalamba uli ndi wotchi yakeyake. Komabe laputopu ndinaitseka, ndipo madzulo amenewo sindinatuluke panja.

Amalume tinawapeza akuthyola mulu womaliza wa mtedza. Ndinali nditakonza mawu ambiri, ena akuthwa ndithu, koma amayi aang'ono ananditsina pamkono kuti ndikhale chete. Anangoika laputopu pa thumba patsogolo pawo.

"Achimwene, tatiuzani, uku n'kuti?"

Amalume anayang'ana mwaulesi, kenaka anayandikira. Palibe anawafotokozera kanthu. Chala chawo chadothi chinayenda pamwamba pa sikirini osaikhudza.

"Gowelo lathu linali apa," anatero. "Alamu akulilambalala. Ankatinena kuti timanunkha mbewa." Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera panjira. Anali afika pa kadontho kofiira. Ndinawakuzira.

Anayang'ana nthawi yaitali. Amalume ndi mwana wotsiriza wa agogo, ndipo amati ndi amene ankawanyamulira khasu pochokera kudimba. Ngati pali munthu amene anaona ababa akunjuta choncho kambirimbiri, ali mnyamata kumbuyo kwa amayi ake, ndi iwowo.

"Mpaka pano?" anafunsa, osati kwa ife kwenikweni.

Anavula kapusi yawo n'kupukuta nayo kumaso. Sanapepese, amalume sapepesa. Anangoti ndiwatumizire chithunzicho pa foni kuti akaonetse anthu ena amene pakamwa pawo pamayabwa. Ndinamva kuti anazungulira nacho makomo angapo, ndipo achikulire ankalimbirana foni, aliyense kufuna kupeza pamene panali nyumba ya kwawo. Ena anyamata anati zimenezo ndi za pa kompyuta, munthu akhoza kupanga. Sanatheretu manong'onong'o, koma mtedza unathyoledwa, unalowa m'matumba, ndipo njinga ija sinabwere pakhomo pa ababa.

Ndisanabwerere ku boma ndinaganiza zowaperekeza ababa ku bwinja, droni nditaisiya m'chikwama. Tsiku limenelo anandidziwa, anandiitana ndi dzina la paubwana. Tinalowa m'munda ine ndili pambuyo pawo, ndikuponda pamene aponda. Tsopano ndinkadziwa pamene tili. Tinalambalala nkhokwe, tinaima pakhomo la amayi, iwo anayankhula motsitsa zinthu za mbuzi ndi za denga lodontha. Kenaka tinatsika njira yakudambo. Mphepo inali itagona, ndipo kumsitu kunalibe ngakhale mbalame yolira.

Anaima mwadzidzidzi. Ndinaona mapewa awo akutsika. Anavula chipewa, n'kulowa m'mbali, n'kunjuta, chikhatho pa tochi. Mdima unatikuta nthawi yomweyo. Miyendo yanga inafuna kuwatsatira, ndipo ndinali nditaponda kale mzere wa m'mbali pamene anandinong'oneza osatembenuka.

"Iwe usapatuke. Ndi agogo ako. Apatse moni."

Ndinabwerera m'njira. Kutsogolo kwanga kunalibe kanthu, kanjira kongoganizira pakati pa mizere ya mtedza, ndi dambo likuchita mbuu kumunsi. Ndinagwada pa dothi lozizira. Mawu anatuluka aang'ono ngati si anga.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

Ndinadikira monga mmene munthu amadikirira yankho. Sindinamve kanthu, ndipo sindinena kuti ndinamva. Khungu lokha la m'mikono n'limene linachita tsembwe. Patapita kanthawi, kuwala kunabwerera pansi, ababa atachotsa dzanja pa tochi. Anadzuka movutikira, n'kusasa mawondo, koma chipewa sanavale. Anayandikira kwa ine, akuyang'ana kumtunda kumene kunali nyumba.

"Ati bwanji?" anafunsa chonong'ona. "Sakudandaula nane? Denga lija ndifolera mawa, uwauze. Asanditumize kwathu."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti mantha amenewa sanayambe ndi amalume kapena ndi mtedza. Anabwera nawo ali mnyamata, ndipo anagona nawo zaka zonse zimene anatilera. Misozi inandivuta, koma ndinaimeza, chifukwa ankadikira yankho.

"Akuti mukhale, ababa," ndinatero. "Akuti kwanu ndi konkuno."

Anapuma mpweya wautali. Anavala chipewa chawo, n'kundipatsa tochi kuti ndiwaunikire, ndipo tinabwerera kumudzi kudzera njira yolambalala khola.